Njerwa Zoumba Kawiri

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anakwiyira Mulungu. Sanachite kulengeza, koma tonse m'nyumba tinadziwa, chifukwa jekete yawo ya Lamulungu inakhala pamsomali osatsika.

Tinkakhala kumudzi wina kufupi ndi Embangweni, kumene boma linawatumiza kukaphunzitsa kuchokera kwathu ku Ntcheu. Tchalitchi chathu chinali chisakasa cha udzu, moti mvula ikagwa ulaliki unkatha msanga. Anthu atagwirizana zomanga cha njerwa, anasankha bambo kuti atsogolere, ndipo iwo anaitenga ntchitoyo ngati yawoyawo. Chilimwe chonse tinkaswera pachulu. Amayi ankatunga madzi kudambo, abambo ankaponda dothi, ife ana tinkathamanga ndi zikombole, miyendo ili mbuu. Mpaka lero ndikamva fungo la dothi lonyowa, msana umandikumbutsa.

Njerwa zitauma anazisanja uvuni, nkhuni n'kufika pangolo. Kunangotsala kuyatsa. Koma bambo anati moto suyaka mpaka abusa adzapempherere. “Ntchito ya Mulungu sitiyamba ngati tikuotcha mbewa,” ankatero. Tsono abusawo anali amodzi, matchalitchi mbwee, njinga yamoto yawo yokonda kudwala. Ulendo woyamba anapatukira kumaliro, wachiwiri njinga inakana kulira. Anthu ankayang'ana mitambo, bambo ankayang'ana kumsewu.

Chizimalupsa chinagwa masana tili m'kalasi. Bambo anataya choko n'kuthamangira kuchulu, koma udzu wofunditsira unali wochepa. Pomwe mvula inkakata, theka la uvuni linali litasanduka phala. Ndinawapeza ataima pomwepo, malaya atamatirira kumsana.

Kunyumba bambo anangowafunsa amayi anga kuti, “Ndinadikira pemphero, yankho lake n'limeneli?” Kuyambira tsiku limenelo, chakudya ankapempherera ndi amayi. Lamulungu likafika, bambo ankamva mutu. Unali mutu wanzeru, wodziwa kalendala, chifukwa Lolemba unkapola wokha. Ine ndinkaseka chamumtima, koma kunena zoona ndinkaopa. Munthu amene anandiphunzitsa kugwada ndi yemweyo anali atasiya, ndipo sindinkadziwa ngati adzabwererenso.

Loweruka lina m'mawa kunabwera Anya Jere, mayi wamtali amene ankayambitsa nyimbo kutchalitchi, wa mawu omveka mpaka kuchigayo. Anali atasenza chikombole. Bambo anali pakhonde, ndipo nkhope yawo inaoneka kuti akonzekera kulalikidwa. Mayiwo anapereka moni m'chiyankhulo cha kumeneko, mmene aphunzitsi amati asambizgi.

“Monire asambizgi. Mutu uli bwanji?”

“Ukuyesera, mayi.”

“Mbwenu mukachirira kuchulu. Vula yatipondera dothi, lafewa chomene. Ife tinatopa kutunga madzi, ulendo uno Chiuta watunga yekha. Tiyeni, dzuwa likupita.”

Bambo anawerama. “Mayi, ndine ndinawononga thukuta la anthu. Ndikawayang'ana bwanji?”

“Ndani wati mukayang'ane anthu? Mukayang'ana chikombole.”

Anya Jere anachiika pamapazi pa bambo n'kumapita, nyimbo ili pakamwa. Bambo anakhala nacho nthawi yaitali, tiyi wawo mpaka kuzizira. Kenako anapinda thalauza, n'kuchinyamula. Ine ndinawatsatira chapatali, poopa kuti wina awanena. Kuchulu palibe anatchula za mvula. Mkulu wina anangoti, “Yewo, mwafika,” n'kusendera kuti bambo alowe m'matope.

Dzuwa linabwerera, monga limachitira chizimalupsa chikadutsa, ndipo njerwa zoumba kachiwirizo zinauma. Uvuni unatuluka waung'ono kusiyana ndi woyamba. Tsiku loyatsa abusa sanaonekenso. Anthu anazungulira uvuni, muuni uli m'manja mwa mkulu uja, ndipo Anya Jere anati, “Asambizgi, pempherani ndinu, tiyatse.”

Bambo anga ankadziwika ndi mapemphero aatali, oti mwana n'kugona n'kudzuka iwo akadali ku Yerusalemu. Tsiku limenelo anavula chipewa, nati, “Atate, tabweranso.” Mawu anawathera pomwepo. Tinadikira, koma kunkangomveka mphuno. Anya Jere anakuwa Ameni, tonse tinavomera, moto n'kuyaka. Ine ndinalira osadziwa chondiliza, n'kunamizira utsi.

Masiku ano matchalitchi akumangidwa ndi mabuloko a simenti obwera pagalimoto. Mitengo ikupumako, ndipo n'zabwino, ngakhale kuti nyimbo za pachulu zinapita. Abusa akachedwa amaimba foni. Tchalitchi chija chilipobe, chopanikiza, poti njerwa zinaperewera. Bambo anatisiya kalekale, Anya Jere nawonso.

Ine ndakula, ndipo mauvuni anga agwapo angapo. Mayeso a unamwino anandikana, banja linandivuta, ndipo panali zaka zimene nanenso mutu unkandipweteka Lamulungu lokhalokha. Mapemphero aatali a bambo ndinaiwala onse. Limene ndinasunga ndi lalifupi lija, ndipo ndalinena kangapo ndili ndi manyazi, matope ali m'miyendo: Atate, ndabweranso.