Mdala Wodana ndi Chete

Pa fulati yathu ku Arlington, kuno ku America, pali mdala wina wa ku Ejipito. M'kati mwa sabata amalondera magalimoto, koma Lamlungu amatulutsa udi wawo, gitala wakwawo wamimba ngati chipanda, n'kukhala pakhonde. Munthu wongomvera mwakachetechete samufuna. "Kwathu ku Cairo," amatero, "woimba akakukhudza mtima umafuula pomwepo, iye n'kubwerezanso. Ukangoti duu, ndiye kuti wamunyoza."

Chaka chatha anaitanidwa kukaimba mu holo ina ku College Park. Ine ndinapita nditangoweruka kuchipatala, yunifolomu ili m'thupi. Holo inadzaza, koma azungu anangokhala phee, manja pamiyendo, poti kwa iwo ulemu ndi womwewo. Mdala anaimba, anayang'ana anthu, nkhope n'kugwa. Ndinaona kuti akufuna kuika udi pansi, ndipo ine ndimawadziwa: akanauika, sakanautolanso.

Mtima unandiwawa. Ndinaimirira n'kuimba nthungululu ya ku Ntcheu, ija ya pachinkhoswe. Mitu yonse inatembenuka, ine osalabada. Kumbuyo mayi wina wachiarabu anandiyankha ndi yake, yofanana ndi yanga ndendende. Mdala anaseka, zala zinadzuka, anabwereza pomwe paja mpaka nawonso azungu aja anayamba kukuwa.

Potuluka anandigwira dzanja. "Mwana wanga, zakwathuzi unaziphunzira kuti?"

"Zakwanu, bambo?" ndinatero. "Izitu ndi za mayi anga."