Mafumu Obenthuka Mphuno

Aneba athu amasonkhanitsa ndalama zachitsulo zamakedzana, zogula pa intaneti. Katundu akafika amavala magalasi awiri, n'kumati, "Wogulitsa uyu ngwabwino, amayankha mwaulemu."

Tsiku lina anandiitana kuti ndikaone ndalama ziwiri zokhala ndi nkhope ya mfumu. Akazi awo, omwe ndi telala, anangoziyang'ana kamodzi.

"Bambo, mafumu anuwa abenthuka mphuno pamalo amodzimodzi. Anagwa limodzi?"

Aneba anaziyang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka misozi. Zinali zabodza, zoumbidwa m'chikombole chimodzi. Wogulitsa waulemu uja sanayankhenso foni.

Mayiwo anazisokerera mumpendero wa katani kuti isamauluke ndi mphepo. Lero aneba amaloza pawindo monyadira: "Mwaona? M'nyumba muno ngakhale mafumu abodza amagwira ntchito."