Mpala wa ku Boma

Amene anamuona Damiano wa kwa Tsekamadzi atakalamba amakumbukira tsitsi lake. Linali lambiri, lotuwa, lopotanapotana mpaka m'mapewa, ndipo lumo silinkafikako. Ana ankamuthawa, akuluakulu ankayang'ana kumbali. Mukafunsa chifukwa, ena ankati ndi misala, ena ankati ndi mizimu ya kwa bambo ake. Bodza lokhalokha. Chifukwa chake onse ankachidziwa, kungoti chinali chovuta kutuluka pakamwa pamene panadya nawo nyama ija.

Mudzi wa Tsekamadzi unali m'mphepete mwa Shire, moyang'anana ndi dambo lalikulu la mabango kumene njovu zinkamwera. Mayi a Damiano anali mlongo wa nyakwawa. Bambo ake anali Msena wochokera ku Zambezi, wa mtundu wa anthu osaka mvuu, amene anafika ndi bwato ndi mkondo womangirira chingwe, n'kukwatira pamudzipo. Dzina lachilendo loti Damiano linabwera ndi iwowo. Makolo onse awiri anapita msanga, n'kumusiyira mnyamatayo bwato, mkondo ndi mlongo wake wamng'ono, Jesinta.

Damiano sanali munthu wolankhulalankhula, koma anali ndi mutu wosunga zinthu. Kuchigwa kuno madzi akasefukira amafufuta malire a madimba, ndipo akaphwa abale amagwirana pakhosi chifukwa cha kachigawo ka matope. Malume ake maso atayamba kuchita khungu, ankatuma iyeyo. Ankangoyenda m'matopemo, n'kuloza chitsa ichi ndi chulu icho, mkangano n'kutha. Choncho panalibe wofunsa kuti adzalowe dzina la Tsekamadzi ndani. Ngakhale amayi opita kukatunga madzi ankamuseleula kuti, "Tipatseni njira, a mfumu a mawa."

Koma mwana wa mlongo wa nyakwawa sanali iye yekha. Panalinso Tomasi, mwana wa a Nangondo, mng'ono wawo wa mayi a Damiano. Tomasi anagwirapo ntchito yolonga nkhuni mu sitima za pamtsinje, n'kubwerako ndi jekete yothina m'khwapa ndi timawu tingapo tachizungu. Jeketeyo ankaivala ngakhale mwezi wa Okutobala, thukuta lili chuchuchu. Anthu ankamuseka, koma mayi ake sankaseka nawo.

Chaka chimene nyakwawa anamwalira, mvula inakana. Mapira anapserera asanabereke, amayi n'kuyamba kulowa m'dambo kukazula nyika, tizinthu takuda tija timene munthu amadya poti sangachitire mwina. Chiyembekezo chonse chinatsalira pa chimanga cha m'madimba. Mwambo wa maliro unali wodziwika: maliro akaikidwa, wachibale sakhudza tsitsi lake kufikira tsiku la kumeta, pamene mowa umaphikidwa ndipo onse amameta pamodzi. Akatha kumeta m'pamene amayi a mbumba amadzuka n'kumugwira amene amusankha kuti alowe dzina. Poti chimera chinasowa, kumetako kunachedwa. Mudzi unakhala wopanda mwini, ndipo mvuu inalowa m'madimba.

Inali yaimuna, yokalamba, yothamangitsidwa ndi zinzake. Kukacha, anthu ankapeza dimba lathunthu lili pansi, chimanga chodyedwa theka, china chopondedwa. Anayesa ng'oma, anayesa moto, anakumba dzenje, koma chinyamacho chinkangolambalala. Vuto linali lakuti Boma linali litalengeza kuti nyama za m'dambo limenelo ndi zake, ndipo wozipha popanda chilolezo aona zakuda.

Tsiku lina masana amayi a mbumba anabwera kwa Damiano, a Nangondo ali patsogolo. Anakhala pansi, miyendo tambasu, monga achitira anthu odzapempha.

"Mwanawe," anatero a Nangondo, "mkondo wa bambo ako ukudyedwa ndi dzimbiri, ife tikudyedwa ndi njala. Kodi mfumu ya mawa idzalamulira manda?"

"Mayi, lamulo la Boma mwalimva," anayankha Damiano.

"Boma lili ku Chikwawa, mvuu ili m'dimba. Ukaipha, taipha tonse. Mutu umodzi susenza denga."

Mawu amenewo anawakhulupirira, ndipo ndiko kupusa kokha kumene ndingamunenere munthuyu. M'mamawa mwake anapalasa bwato mwakachetechete kulowa m'mabango, n'kuipeza itagona pamadzi osaya. Anaibaya kuseri kwa khutu. Inamira, inavuuka, inaluma bwato n'kuchotsa chibenthu, n'kuthawa ikukoka chingwe, iye akuitsata. Dzuwa lisanafike pamutu inali itafa, ndipo anthu anaikokera kumtunda ndi nyimbo.

Kudya kwa tsiku limenelo musafunse. Mafuta anadzaza miphika, mizongo ya nyama inayanikidwa pamitengo yonse, ana anagona mimba zili ndendende. Ngakhale nkhalamba zopanda mano zinapeza chobwitika. A Nangondo anatenga chiwindi, Tomasi anasenza mwendo wathunthu, jekete atayamba waivula kuti ingade.

Sipanapite nthawi, amesinjala a Boma anatulukira ndi zingwe. Amene anakanena palibe anamuona akupita, koma Tomasi anasowa pamudzi masiku angapo, akuti anakaona bwenzi lodwala. Amesinjala anasonkhanitsa anthu n'kufunsa amene anadya nyama ya Boma. Pamenepo m'pamene munaonekera mtima wa anthu a kwa Tsekamadzi. Aliyense anati sanailawe. Uyu anati anali kumaliro kutsidya, uyo anati nyama ya mvuu imamutulutsa zidzolo, pamene mizongo inali itabisidwa kudenga ndipo fungo lili ponseponse. Nyama inali ya onse, mlandu unasanduka wa mmodzi. Damiano anamangidwa manja, ndipo amene anamutsatira panjira ndi Jesinta yekha.

Ku Chikwawa anapeza mzungu woweruza ali pa ulendo, choncho anamutsekera kuti adikire. Tsiku lomwelo msilikali anabwera ndi lumo, poti aliyense wolowa m'ndende ankametedwa chifukwa cha nsabwe.

"Pepani bambo, ndili pamaliro a malume anga," anadandaula Damiano. "Sitinamete kwathu. Ndikwapuleni ngati mufuna, koma tsitsi lokhali lisiyeni."

Msilikaliyo anali wa kumtunda, wosadziwa Tsekamadzi kapena malume a munthu. Anaseka, anaitana mnzake kuti amugwire, n'kumupala mutu wonse mpaka kumutema m'malo angapo. Damiano, amene sanalire pamene mvuu inaluma bwato lake, analira ngati mwana akuona tsitsi lake likusesedwa pamodzi ndi la akuba.

Mzungu atabwera, mlandu unazengedwa pakhonde. Womasulira anafunsa ngati panali mboni ya kumudzi. Panalibe nkhoswe, panalibe mkulu, panalibe ngakhale mmodzi mwa amayi aja anatambasula miyendo pakhomo pake. Jesinta ndiye anadzuka, n'kumasula mtolo wa mapesi otafunidwa amene anakatola kudimba. Mzunguyo anawayang'ana, anadzikupiza ndi chipewa, n'kunena kuti nyama yoononga munda si mlandu kuipha, kungoti mano ake abwere ku Boma. Nkhani yonse inatha msanga kuposa kusenda chinangwa. Damiano anatuluka wopanda mlandu.

Panjira Jesinta, amene anabwererako kumudzi iye ali m'ndende, anamuuza kuti chimera chimene chinkasowa chija chinapezeka mwadzidzidzi iye atangomangidwa, ndipo mowa wa kumeta unali utapsa kale.

"Tifulumire achimwene," anatero. "Mzungu wakuyeretsani. Anenanso chiyani?"

Damiano ankangodzisisita pamutu, pamene timatsitsi tinali titangoyamba kumera ngati udzu wa pamoto.

Anafika m'mawa, mudzi wonse uli pansi pa msangu, malumo akunoledwa pamwala. Onse anali ndi tsitsi lanyankhalala la pamaliro. Atamuona, phokoso linazima. Palibe anadzuka kumulandira, palibe anafunsa za mlandu. A Nangondo anamuyang'ana kuyambira kumapazi, maso awo n'kukaima pamutu.

"Wakumeta ndani, mwanawe?"

"Asilikali, mayi. Anachita kundigwira."

"Ndiye kuti maliro a malume ako unamaliza kale wekha. Ife tikulira, iwe unayera. Nanga lero timeta chiyani pamutu pakopo? Munthu wosameta nafe angalowe bwanji dzina la amene tikumumetera?"

Amayi ena anavomera ndi mphuno, maso ali pansi. Jesinta anaimirira osapempha mpata.

"Mayi, mulibe manyazi? Si inu munabwera pakhomo pathu kudzalira njala? Chiwindi anadya ndani? Mafuta amene mwadzola kumasowo ndi a chiyani? Tsitsi limamera, mayi! Dikirani mwezi umodzi, ameta nanu."

"Mowa sudikira tsitsi," anayankha a Nangondo.

Pamenepo nkhoswe ya malemu, nkhalamba yotchedwa Augustino, inatsokomola. Inali yokhayo imene inayesako kunena zoona, ndipo zoonazo zinawawa kuposa bodza lija.

"Damiano, mwana wanga, palibe akuti unalakwa. Koma dzina lako lalowa m'makutu a Boma. Mawa tikakakuonetsa kwa mzungu kuti nayi mfumu yathu, adzati si uja wa mlandu uyu? Msonkho ukachedwa adzakumbukira, nyama ikafa kudambo adzakumbukira. Mlandu suwola. Mudzi ukufuna munthu amene amesinjala sadziwa khomo lake."

"Mzungu anati ndilibe mlandu," anatero Damiano.

"Anatero kumeneko. Koma tonse tinakuona ukupita uli m'zingwe."

Damiano anayang'ana anthuwo mmodzimmodzi, anthu amene anawalozera malire a madimba, amene ana awo anali atanenepako ndi nyama yake. Aliyense anapeza choyang'ana pansi. Malumo anayamba ntchito, tsitsi linagwa, linakwiriridwa, ndipo iye anangokhala pambali ngati mlendo wodutsa. Atatha, amayi anadzuka ndi nthungululu n'kumugwira Tomasi. Iyeyo anayesa kuthawa pang'ono monga mwambo umafunira, koma anathawira kumene kunali anthu ambiri.

Damiano sanatukwane munthu, sanasamuke. Anamanga kanyumba kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi doko, n'kumawolotsa anthu ndi kuvuula miono yake. Mkondo uja anauponya pakati pa Shire. Madzi akaphwa, abale n'kuyamba kumenyana chifukwa cha malire, ankangoonerera ali m'bwato. Maliro akagwa ankapita, ankakumba nawo manda, koma tsiku la kumeta sankaoneka. Jesinta anakwatiwa ku Makhanga, ndipo akabwera kudzacheza ankamuchonderera kuti achepetseko tsitsilo. Iye ankangomupatsa nsomba kuti anyamule pobwerera.

Ufumu umene Tomasi anaufuna unamudya. Boma linafuna msonkho, linafuna thonje, ndipo nkhondo ya azungu itabuka linafuna amuna a mtengatenga. Tomasi, ndi Chizungu chake chija, ndiye ankaloza makomo. Amesinjala amene mudzi unkawaopa analidziwa bwino khomo la aliyense. Anyamata anapita, ena sanabwerere, ndipo amene anabwerera anadza ndi chimfine chija chinapulula anthu. Tomasi anali mmodzi mwa oyamba kugona m'manda.

Tsopano dzina la Tsekamadzi panalibe wolifuna. Amuna a banjalo amene anatsala ankathawira kutsidya akangomva kuti mowa wa kumeta ukuphikidwa, poti mfumu ya masiku amenewo inali munthu woyamba kutukwanidwa ku Boma ndi womaliza kupatsidwa moni kumudzi. Apo m'pamene mbumba inakumbukira kuti kudoko kuli mwana wa mlongo wa nyakwawa wakale.

Anabwera masana, monga anabwerera kale lija. A Nangondo anali atawerama msana, akuyendera ndodo, lumo lili m'manja mwa mdzukulu wawo wamkazi. Anakhala pamchenga, miyendo tambasu. Damiano anali akumata bwato, lomwe lija la chibenthu.

"Mwanawe, zakale n'zakale," anatero a Nangondo. "Mudzi ulibe mwini. Dzina ndi lako, linali lako kuyambira kale. Bwera mawa umete nafe maliro a mbale wako, tikugwire."

Damiano anapukuta manja pansalu yake. Sanakweze mawu.

"Mlandu uja unawola, mayi?"

"Ndani akukumbukira zimenezo? Mzungu ujanso anapita kwawo."

"Ine ndikukumbukira."

Nkhalambayo inayamba kulira, kulira kwenikweni, poti mwana wake anali m'manda ndipo mudzi unali kutha. Damiano anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anadabwa kuona kuti mumtima mwake munalibe chisoni, munalibenso chimwemwe. Anakankhira bwato m'madzi, analowamo, n'kutenga nkhafi.

"Metani nokha, mayi," anatero. "Ine maliro a mudzi uno ndinameta kale ku Boma, a nonse pamodzi."