A Tidikire ndi makina osachedwa

Muofesi mwathu muli bambo ena amene timawatcha a Tidikire. Dzinali linabwera chifukwa cha kompyuta yakale yomwe inkakhala pansi pa tebulo lawo, ikulira ngati chigayo. Aliyense wa ife akalemba gawo lake la pulogalamu, iyo inkasonkhanitsa zonse, n'kuziyesa yokha, kenako n'kuonetsa kamzere kobiriwira ngati zili bwino, kofiira ngati wina waphonya. Koma kuchedwa kwake, tiyi ankachita kuzizirira m'kapu.

Bambowa akangotumiza ntchito yawo ankaimirira, kukonza kolala, n'kunena kuti, "Tidikire imalize." Basi ulendo wa pansi, kwa mayi a mafotokope. Imvi zayamba kale koma sanakwatirepo, ndipo manyazi awo ndi oti mkazi akawalonjera amayankha akuyang'ana nsapato. Ankanyamula kapepala kamodzi, n'kukafika ndi mawu omwewomwewo: "Makina akugwira ntchito kumwambaku, ndiye ndati ndidikirire kuno." Ankakhala pampando wapulasitiki, mayiwo akusanja mapepala, mpaka kamzere kaja kataoneka.

Tsiku lina abwana analamula kuti ntchito yoyesayo isamukire ku kampani ina ya pa intaneti, ndipo osamutsa akhale a Tidikire. Zifukwa zinayamba kuphuka. Lero netiweki, mawa pasiwedi yasowa, mkuja mutu. Ine zinkandinyansa, poti kudikirako kunkandipweteka ine amene ndinalibe kopita. Abwana atakweza mawu, a Tidikire anasamutsa.

Tsiku loyamba anatumiza ntchito, n'kuimirira, dzanja lili pa kolala. Asanafike n'komwe pakhomo, kamzere kanali kataoneka kale, kobiriwira. Tonse tinaomba m'manja. Iwo anabwerera pampando ngati munthu wothiridwa madzi, ndipo sabata yonseyo sanatsike.

Kenako makina atsopano aja anayamba kuchedwa kuposa akale. Abwana analusa, akuti atigulitsa mphaka m'thumba. Ine ndinatsegula fayilo ya malangizo a makinawo, ndipo kumapeto kwenikweni ndinapeza mzere wolamula kuti akamaliza zonse ayambe agona kaye asanaonetse kamzere kaja. Pamwamba pake panali mawu akuti: osachotsa, n'zofunika kwambiri.

Ndinaufufuta pomwepo mtima uli m'mwamba, n'kuwakokera a Tidikire pakhonde.

"Achimwene, zoona munthu wamkulu kugoneka makina a kampani yonse chifukwa choopa kutsegula pakamwa?"

"Nanga achemwali," anatero motsitsa mawu, "ndikafika kumeneko ndikanene kuti ndadzatani?"

Apa ukali unandithera, chisoni n'kundigwira. Ndinangowauza kuti fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma iwo sanagwe m'mbuna iliyonse, pakamwa ali napo.

Madzulo ake ndinatsika ndi mapepala anga enieni oti ndijambulitse. Mayi aja atangoyamba kuwajambula, a Tidikire anatulukira, chimanjamanja, thukuta lili kamukamu. Mayiwo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mwasowatu bambo. Lero makina akuchedwanso?"

"Ayi mayi, anamaliza kalekale." Anakonza kolala. "Palibe chimene ndikudikira. Ndangobwera."

Mayiwo anadzutsa mutu n'kuwayang'ana. Kenako anazimitsa makina awo, mapepala anga ali m'kati, n'kundiuza kuti ndidzabwere mawa.