Msomali pa Chimbale cha Ukwati

Kwathu chinthu sichituluka pakhomo chisanalembedwe dzina. Mbale zimapakidwa penti kunsi, mapoto amakandidwa ndi msomali, mipando ya pulasitiki imawotchedwa ndi waya wamoto. Lamuloli linabwera ndi azakhali anga, alongo awo a bambo, amene anadzakhala nafe amayi atamwalira. Iwo amati pamaliro anthu amalira ndi diso limodzi, linalo likusankha mbale yopita nayo kwawo. Ndikukhulupirira kuti anthu akanamandibwereka, nanenso ndikanakhala ndi zilembo kunsi kwa phazi.

Chaka chimene ndinalowa folomu 2 tinali ndi chinthu chimodzi chimene mudzi wonse unkachifuna: chimbale cha kanema wa ukwati wa achemwali anga. Ukwatiwo unachitikira kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Embangweni, ndipo mnyamata wina wa ku Jenda anaujambula n'kutipatsa chimbale chimodzi. Alamu atatenga achemwali kupita nawo ku Joni, anatisiyira chimbalecho pamodzi ndi makina a dividi ndi kativi kakang'ono, zimene tinkayatsa ndi batire ya galimoto.

Anthu ankachifuna kuti adzione okha. Ine ndinkachifuna chifukwa munali amayi. Chithunzi chawo chokha chimene tinali nacho ndi cha pachiphaso chovotera, pomwe akuoneka ngati munthu amene wangouzidwa kuti mbuzi zake zadya chimanga cha eni. Koma m'chimbalemo, chakumapeto, nthawi ya perekaniperekani, amayi ankanyamuka pampando, n'kuvina, n'kuseka, n'kulankhula. Anali atayamba kale kudwala, koma tsiku limenelo matenda anawapatsa tchuthi. Mawu awo sankapezekanso kwina kulikonse padziko.

Chimbalecho chinayamba kuyenda nyumba ndi nyumba, ndipo nthawi ina chinagona kwa eni mpaka azakhali anachita kuchilondola okha. Atabwera nacho anati basi, chilembedwe. Ndinali kusukulu pamene ntchitoyo inkagwiridwa, koma azakhali anandifotokozera monyadira. Aliyense kwathu ankadziwa kuti mbali yonyezimira ya chimbale siikhudzidwa. Ngakhale mwana woyamwa akanakuuzani. Choncho azakhali anayala nsalu yofewa patebulo, n'kugoneka chimbale chafufumimba kuti mbali yonyezimira isakhudze thabwa, kenako n'kulemba dzina la banja lathu kumsana kwake ndi msomali. Pakati panali kale zolemba za wojambula uja, ndiye iwo analemba mozungulira m'mphepete. Anadinikiza ndithu, kuti wakuba asafute.

"Waona? Kunonyezimiraku sindinakhudze n'komwe," anatero. "Anthu ena akanangokanda paliponse."

Ndinayamikira zilembozo. Zinali zokongoladi, zoposa za aphunzitsi athu ena.

Lamulungu masana tinayatsa makina. Galimoto ya akwati inafika bwinobwino, kwaya inaimba, abusa analalikira. Bambo anaimirira kulankhula m'malo mwa banja, ndipo mawu awo onse, ataliatali aja, anatuluka osasowa ngakhale chifuwa chimene anatsokomola pakati. Nyimbo ya perekaniperekani itangoyamba, chithunzi chinasweka kukhala timabokosi, makina n'kuyamba kulira ngati mbewa yapanidwa pachitseko, kenako zii.

Sindinadziwe kuti mudzi wathu uli ndi akatswiri ambiri chotere. Bambo anati ndi batire, ndipo inapita kukatchajidwa. Aneba athu, amene anakhalako ku Joni miyezi yochepa n'kubwerako ndi jekete lachikopa, anati chimbale chimafuna mankhwala otsukira mano. Chinatsukidwa, chinanunkhira bwino kuposa m'kamwa mwa amene anapereka nzeruyo, koma amayi sananyamuke pampando. Wina anauzira mpweya m'makina mpaka malovu. Azakhali anati vuto ndi manja a anthu obwereka, ndipo anatchula nyumba zake. Ine ndinalibe nzeru yopereka. Ndinkangopukuta chimbalecho ndi mpango wanga aliyense akamaliza luso lake.

Tsiku la msika azakhali anakulunga makina m'chitenje, ine n'kunyamula chimbale m'buku la masamu, tinakwera matola kupita ku Jenda. Wokonza anali bambo wocheza, wokhala m'kachipinda kodzaza mawailesi akufa. Anamasula chivundikiro n'kundikodola.

"Bwera, mwana wasukulu, udzaone diso."

Ndinayembekezera chinthu chachikulu. Kanali kagalasi kozungulira, kochepa ngati dontho la mame, kokhala pa timawaya topyapyala. Atayatsa makina, kanayenda pa kanjanji kake, n'kumakwera ndi kutsika ngati nkhuku ikumwa madzi.

"Kakufunafuna chimbale," anatero. "Pansi pakepo pamatuluka kuwala kowonda kuposa tsitsi, amati leza. Usayang'anemo, maso ako ndi awiri okha. Kagalasika kamasonkhanitsa kuwalako pa kadontho kamodzi. Kukagunda chimbale kumabwerera, ndipo makina amawerenga mmene kwabwererera. Chimbale chikamagwedezeka pozungulira, diso limakwera ndi kutsika kuti kadontho kasasochere. Ukwati wanu wonse ukuyenda pa kadontho kameneko."

"Mbwenu lalowa fumbi disolo," anatero azakhali. "Nyumba zina sasesa."

Wokonzayo anapukuta diso ndi thonje lonyowetsa sipiriti, n'kuikamo chimbale chake cha nyimbo za kwaya. Chinaimba mpaka anthu odutsa anaima pakhomo. Anaikamo chathu. Tinamveranso ulaliki ndi mawu a bambo, iye akuthamangitsa kanemayo, ndipo pamalo pomwe paja timabokosi tinabwera. Anachitulutsa, n'kuchitembenuza, n'kuchikweza kuloza kukhomo kumene kunali dzuwa. Dzina la banja lathu linawala mbee, chilembo chilichonse dzuwa likudutsamo. Sindinalionepo likuoneka bwino chotero.

"Amama, ndani walemba apa?"

"Ndine. Kumsana. Kutsogolo sindinakhudze."

"Yewo chomene posamala kutsogolo," anatero, akukanda m'mutu. "Koma kutsogoloku ndi pulasitiki chabe, ngati windo. Kukakandika pang'ono timapukuta, diso limaonabe. Zimbale za sidi zojambulitsa ngati izi, zithunzi zimakhala pa kachikopa kopyapyala kunsi kwa penti, kumsana komweku. Pamene padutsa msomali, kuwala kukafika sikupeza pogunda, kumangopitirira. Diso limadikira, osabwerera kanthu."

"Ndiye matanipo. Mulibe guluu?"

"Tingamate bowo, amama, koma zimene zinali pamenepo zinatsala kunsonga ya msomali. Musadandaule nokha, si inu oyamba. Wina anabwera ndi cha kwaya yawo atachilemba ndi kampasi ya mwana wake."

Apa ndinalankhula, koyamba chilowereni m'kachipindamo. Ndinafunsa chifukwa chake koyambirira kukuoneka. Anati diso limayamba kuwerenga pakati, n'kumapita kunja mozungulira, choncho zoyamba zili pakati, zomaliza zili m'mphepete. Ndinayang'ana m'mphepetemo, mmene munazungulira dzina lathu. Msomali unasiya abusa, unasiya kwaya, unasiya chifuwa cha bambo. Unasankha bwino kwambiri.

Tinafunsira nyumba ya wojambula uja mpaka tinamupeza. Anatilandira mwaulemu, n'kutiuza kuti kompyuta yake inadzaza kalekale, ndipo ukwati wathu anaufuta kuti alowetse maukwati atsopano. Anatilonjeza kuti ukwati wanga adzaujambula bwino koposa. Ndinathokoza.

Tinakwera matola obwerera kwathu. Azakhali anafungatira makina pamiyendo ngati mwana wodwala. Azakhali sapepesa. Sindinawamvepo akupepesa kwa munthu, ngakhale kwa abusa. Titafika anangoti, "Lumikiza batire."

Tinakhala awiri pamphasa. Sanalole kuti ndithamangitse, ndiye tinamvera zonse mwadongosolo. Bambo a m'kanema atakhala pansi, nyimbo inayamba, kamera inatembenukira kumpando wa amayi. Anaika dzanja patebulo, n'kuweramira kutsogolo, duku lawo lobiriwira litapendekeka pang'ono, pakamwa patayamba kutseguka.

"Imitsa pamenepo!"

Ndinadina batani timabokosi tisanafike. Amayi anaima pakati pa kukhala ndi kunyamuka, akuyang'ana munthu wina kumbali amene kamera sinamugwire.

"Ankayang'ana ine," anatero azakhali. "Ndinali nditawatsutsa kuti sangathe kuvina."

Ndikudziwa kuti ankayang'ana ine, koma ndinawasiyira. Tinakhala choncho, osadinanso kanthu, mpaka chithunzi chinayamba kuchepa m'mbali, batire n'kutha. Bambo atabwera kuchokera kudimba anapeza kuti wailesi yawo ilibe moto womvera mpira, ndipo anafunsa kuti batire yathera chiyani. Azakhali anawauza kuti akatchajitsenso mawa, chifukwa tidzaifunanso.