Makombola a M'mpunga

Chitinicho chinali cha mkaka waufa, chadzimbiri m'munsi, chivindikiro chake chomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ukachitsegula chinkanunkha machesi ndi mankhusu a mpunga, chifukwa amalume ankathiramo mankhusu kuti chinyontho chisalowe. M'katimo munali makombola ofiira, aang'ono ngati chala cha mwana, otsala pa Khirisimasi. Anawapeza kwa mwini golosale wina ku Zomba posinthana ndi dengu la matemba. Anthu akwathu mpaka lero akati atchule amalume amayamba n'kuseka, amvekere, "Aja a makombola aja?" Asekeni. Ine sindiseka nawo, ndipo wofuna kundiona nditapsa mtima ayese kuseka ine ndili pomwepo.

Chaka chimenecho ndinali mu sitandade 8. Bambo anali atapita ku chilumba cha Chisi kukawedza zaka zitatu m'mbuyomo, n'kukakwatira konko. Pakhomo tinatsala amayi ndi ine, ndi poloti imodzi ya mpunga ku sikimu ya Likangala. Amayi ankalawirira kudoko tsiku lililonse kukagula matemba oyanika ndi kugulitsa, ndipo akapanda kupita ndiye kuti tsiku limenelo mchere kulibe, sopo kulibe. Tsono mpunga utatulutsa ngala, panalibe wina woinga mbalame koma ine.

Amene sanalimepo mpunga m'mbali mwa nyanja ya Chilwa sadziwa mpheta. Zimatuluka m'mabango dzuwa likangotuluka, zambirimbiri, kumachita phokoso ngati mvula ikubwera patali. Zikatera pa poloti yako mpunga ukadali ndi mkaka, zimangofinya njere n'kusiya makoko oyera. Ana tonse a m'mudzi tinkakhala pa nsanja zathu kuyambira m'bandakucha, kukoka zingwe za zitini, kuponya zibuma, kukuwa mpaka mawu kusasa. Vuto linali lakuti mpunga unkacha mwezi womwewo wa mayeso. Ndinajomba masiku anayi, lachisanu ndinathawira kusukulu miyendo ili matope okhaokha. Aphunzitsi anandiimika kutsogolo kwa kalasi. "Mpheta zako zidzakulembera mayeso?" Anawonjezera kuti ndikajombanso kupitirira sabata imodzi, mpando wanga m'chipinda cha mayeso udzakhala wopanda munthu.

Ndinakafotokoza kunyumba. Amayi anali kusankha matemba pa chiguduli ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mpunga uli m'munda tikuuona, sukuluyo ndani waona chimene idzabale? Ndinawayankha mwano tsiku limenelo, ndikuvomera. Ndinati mpheta zidye, ndipo zikamaliza zibwere zidzadyenso denga. Anandimenya ndi chipande pamsana. Sindinalire, ndinangowayang'ana, ndipo kuyang'anako kunawapweteka kuposa mwanowo. Lero sindiwaimba mlandu amayi, njala anali ataiona ndi maso. Koma sindinalakwenso ine, ndipo sindidzapepesa chifukwa chofuna kulemba mayeso.

Amalume anamva za nkhaniyi Lamlungu kutchalitchi. Anali mlongo wawo wa amayi, wamng'ono, munthu wowonda woseka ndi mapewa. Ankakhala pa chikamwini kutsidya kwa mtsinje, kwawo kwa akazi awo, ndipo apongozi awo anawapatsa poloti kumunsi kwa ngalande yaikulu. Akazi awo anali atangochira kumene, mwana asanakwane n'mwezi, choncho poloti imeneyo ankainga amalumewo okha. Masana a tsiku lomwelo anatulukira kwathu atapanira chitini chija kukhwapa.

Nzeru yawo inali yotere. Kombola lililonse lili ndi kachingwe kake kakafupi, ukakayatsa kokha umathawa. Iwo ankafuna chingwe chachitali chonyeka pang'onopang'ono ngati chitsa cha m'munda, choti amangirirepo makombola motalikirana. Munthu angochiyatsa m'mawa n'kuchoka, moto uziyenda wokha, ukafika pa kombola, phu! Mpheta zibalalike. Zikamati zibwerere, linanso phu! Mpaka masana, ine nditaweruka. Amayi anamvetsera manja ali m'chiuno. Anati misala ina imabwera ndi ukalamba koma ya mlongo wawo inabwera ndi mkaka wa m'mawere. Komabe anatipatsa sabata imodzi. Chingwe chikakanika pofika Lamlungu linalo, nkhani ya sukulu ithere pomwepo.

Sabata imeneyo ndimaikumbuka ndi mphuno. Tsitsi langa, diresi langa, ngakhale chakudya m'kamwa, zonse zinkanunkha nsanza zopserera. M'mawa ndinkainga ndekha, masana amalume ankabwera, tiyese.

Tinayamba ndi khonje. Linayaka lawilawi, n'kuzima lisanafike ngakhale pa kombola loyamba. Amalume analinunkhiza, n'kulitaya m'ngalande. Kenaka tinang'amba chitenje chakale cha amayi, iwo osadziwa, n'kupota chingwe pantchafu. Chimenecho chinanyeka bwino masana, moti ndinavina pamtumbira wa m'malire. Koma titachisiya kuti ndidzachiyatse m'mawa, ndinachipeza chitanyowa ndi mame ngati chagwa m'mtsuko. Kwathu kunyanja m'mawa mulibe chouma, nkhungu imachoka m'madzi n'kudzakhala pa chilichonse. Ndinatha theka la bokosi la machesi, moto unangoyenda pang'ono n'kufa.

Lachitatu tinachiyanika padenga la malata la kutchalitchi tsiku lonse mpaka chinauma gwa. Mwera unali ukuwomba kuchokera kunyanja. Amalume atangoyatsa, moto unathamanga ngati wauzidwa kuti kwawo kwagwa maliro, makombola asanu n'kuphulikira pamodzi. Mkulu wina amene ankadutsa pa njinga atanyamula thumba la makala anagwera m'ngalande, njinga pamwamba. Sikimu yonse inaseka. Amayi ena anachita kukhala pansi m'matope ndi phwete, ndipo kuyambira tsiku limenelo ana ankatitsatira m'mbuyo akukuwa kuti phu, phu. Ine ndinkawatembenukira ndi chibuma m'manja. Mmodzi ndinam'lasa pakhutu, amake anabwera kudzadandaula, ndipo ndinawauza kuti khutu linalo likudikira.

Lachinayi chingwe chinalendewera n'kukhudza madzi a m'poloti. Lachisanu tinachiikira kadenga ka lata lakale, moto unafika pa kombola, koma kombolalo linangoti fyuu n'kukhala chete. Ndinathamanga kuti ndikalione. Amalume, amene sanandikalipirepo chibadwire, anandigwira diresi kumbuyo mpaka linang'ambika. "Lokana kulira usaliyandikire, limadikira nkhope yako." Tinadikira pa nsanja nthawi yaitali, kenaka anakalikankhira m'madzi ndi nsungwi yaitali. Ine ndinkangodandaula za diresi.

Loweruka chinazimanso pakati popanda chifukwa chimene tikanachiona. Kunalibe mame, kunalibe mphepo, chinangotopa. Ndinakhala pamtumbira n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, kumene ndinakana kulira pamaso pa amayi. Ndinawauza amalume kuti ngati sindilemba mayeso ndidzalowa m'bwato la aliyense n'kupita kosadziwika, mpunga wawowo adzadye okha. Sanandinyengerere. Anangotola zidutswa za chingwe n'kuziika m'thumba, maso ali kumunsi kwa ngalande.

Lamlungu anafika kwathu atavala malaya awo a kutchalitchi, akumwetulira. Anauza amayi kuti chovuta achipeza, chinali kapotedwe, ndipo tsopano chingwe chikuyenda ngati wotchi. Ndinati tiyeni tikaone. Anakana, ati makombola atsala owerengeka, sitingawawononge pa chionetsero. Iwo azidzachiyatsa okha m'mawa uliwonse popita ku poloti yawo, ine ndizingopita kusukulu. Amayi anawayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka anati, "Kaya, mwini mbumba ndinu."

Sukulu yathu inali pafupi ndi sikimu, kungodutsa munda wa chimanga ndi mibawa iwiri. Lolemba tili pakati pa masamu ndinamva phu! Ndinalumpha pa benchi. Patapita nthawi, linanso. Aphunzitsi anafunsa kuti kodi kwayamba nkhondo, ndipo ine ndinaimirira osalozedwa n'kunena kuti ayi, ndi chingwe chathu. Ndinkalemba kamzere kuchikuto cha kope pa kombola lililonse. Anzanga aja ankatiseka anali pa nsanja zawo akusasa mawu, ine ndili m'kalasi ndikugawa mafulakishoni. Ndinkayenda khosi lili m'mwamba, ndipo wonena za misala ya amalume ndinkamuyankha kuti wamisala anaona nkhondo.

Tsiku lina aphunzitsi anadwala, tinaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Ndinathamangira kumunda kuti ndikaone chingwe chikugwira ntchito chokha. Ndinapeza amalume atakhala pa nsanja yanga, chipewa chili pamaso, chikuni chofuka utsi chili pambali. Zala zawo ziwiri zinali zokulungidwa ndi kansanza, ndipo mawu awo anali osasa ngati a ana oinga. Chingwe chinali cholendewera pa nsungwi, chosapsa n'komwe. Anati angodutsa kudzaona, ndipo chakale chatha kumene, ichi n'chamawa. Ndinakhulupirira. Ndinawafunsanso kuti zalazo zatani, anati mpeni. Inetu ndinali woyamba m'kalasi pa masamu, koma apo ndinalephera kuwonkhetsa ziwiri ndi ziwiri.

Makombola anatha mayeso atatsala masiku atatu, koma mpheta sizinalowebe m'poloti yathu, ndipo ine ndinati zachita mantha mpaka kalekale. Ndinalemba mapepala onse, palibe limene ndinajomba. Tinamweta mpunga wathu wonse, ngala zolemera, amayi mpaka anaimba nyimbo popuntha. Mayeso amenewo ndi amene ananditulutsa m'mudzi, ndipo chilichonse chimene ndagwira ndi manja anga kuyambira pamenepo chinadzera pakhomo limenelo.

Chingwe sichinayendepo ngakhale tsiku limodzi. Masabata atatu onsewo amalume ankakhala pa nsanja yanga kuyambira m'bandakucha, kuyatsa kombola limodzilimodzi ndi dzanja kuti ine ndimve ndili m'kalasi, ndipo pakatipo ankakuwa ndi kuponya zibuma ngati mwana. Poloti ya apongozi awo inalibe munthu. Mpheta zinaidya yonse, kusiya makoko oyera kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Mkamwini wosiya munda wa eni mudzi n'kukainga wa mlongo wake, kwathu mlandu wake sutenga nthawi, amangomuuza kuti anyamule mkeka wake. Izi ndinazidziwa ndili kale ndi ana anga, amayi atandiuza tikuchokera kumanda kokawaika amalumewo. Ndiye anthu amvekere, aja a makombola aja. Inde, omwewo. Pakati pa oseka onsewo, ndani anatayapo munda ndi banja chifukwa cha mwana wamkazi wa mlongo wake?

Koma tsiku limene anabwera kwathu ndi katundu wawo, ine sindinkadziwa kanthu. Kunali masana, tikupeta mpunga pabwalo. Amalume analowa ndi njinga yawo, bulangete ndi mkeka zitamangidwa pakaliyala, khasu lili paphewa. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango n'kukhala pakhonde. Amayi anasiya lichero. Mayi wina woyandikana nafe anali atatinong'oneza kale kuti kutsidya sanakolole ngakhale chitini chimodzi, ndipo ine ndinaona kuti pamenepa mpofunika nzeru zanga. Ndinapita kukaima patsogolo pa amalume, manja m'chiuno ngati amayi.

"Amalume, inunso! Bwanji simunaike chingwe ku poloti yanu? Mukanandiuza ine ndikanakupoterani."

Anandiyang'ana, mapewa awo n'kugwedezeka pang'ono monga ankachitira poseka. Amayi anandikankhira pambali, osati mwaukali, n'kumasula okha bulangete lija pa njinga. Analowa nalo m'nyumba ndipo anakhalitsa. Nditasuzumira ndinawapeza atakhala pa thumba la mpunga wathu watsopano, bulangete lili pamiyendo, akulira mopanda phokoso. Ndinadabwa kwambiri. Mpunga tinali nawo wodzaza nyumba, mayeso ndinali nditalemba, ndipo amalume anali atabwera kudzakhala nafe. Ndinabwerera pabwalo n'kukapitiriza kupeta, ndikuganiza kuti akuluakulu sakhutitsidwa ndi kanthu.