Chikho cha mankhwala panjira ya kumanda

Pali amene amati ndimakokomeza ndikafotokoza nkhaniyi, koma ine ndinaliko, ndipo chikho chimene ndikunenachi ndinachigwira ndi manja angawa.

Ndinali nditangotumizidwa kumene kukaphunzitsa m'mudzi wina wa ku Ntengo-Wambalame pamene kolera inabuka m'dzinja, ndipo maliro anayamba kutsatizana moti anthu analeka kupalira mbatata zawo. Mwambo wa kumeneko unali woti pochokera kumanda aliyense asambe m'manja m'madzi a mankhwala, koma chifukwa cha mantha akuluakulu anawonjezera lamulo loti tonse tizimwanso madziwo m'chikho chimodzi, ati kuti matenda asatitsatire kumudzi.

Tsiku lina titaika mwana wa kalasi langa, chikho chinafika pa ine, ndipo poti ndinkadziwa kuti kolera imayenda ndi madzi, ndinapepesa mwaulemu n'kuchipatsira wina. Bambo wa malemuyo ananena mosakweza mawu kuti wokana mankhwala a onse ndiye kuti ali ndi ake, ndipo amene ali ndi ake akudziwa kumene matendawa achokera. Adzukulu, amene anali asanatule makasu okumbira manda, anandizungulira. Ena mwa iwo ndinkawaphunzitsa ndine.

Mayi wachikulire amene ndinkakhala pakhomo pawo anandigwira dzanja, n'kundinong'oneza kuti ndimwe msanga, chifukwa kolera imapatsako munthu nthawi yofikira kuchipatala, koma khasu ayi. Ndinamwa, ndipo makasu aja anatsika.

Ine sindinadwale, koma mayiwo anadwala, ndipo tikuwanyamula pamachira anandiuza chimene chimandizunguza mpaka lero. Anati iwo ankadziwa kuti madzi aja ankatungidwa kudambo la kumunsi kwa zimbudzi, ndipo ambiri pamaliro paja ankadziwanso, kungoti aliyense ankaopa kukhala woyamba kukana. Mayiwo anamwalira tisanafike pamsewu wopita kuchipatala.

Ndasinkhasinkha zaka zambiri, ndipo ndimakhulupirira kuti anthu aja sanali mbuli kapena ankhanza, koma mantha a matenda anawachititsa kuona munthu wosiyana nawo ngati matendawo. Choncho mliri ukadzafika kwanu, mukadzaona wina akukana chimene nonse mukuchita, mumufunse chifukwa chake musananyamule makasu, pakuti mwina akunena zimene inunso mukudziwa.